Mwala Wopanda Chidindo

Mayi ake anamuimbira foni m'mawa n'kumuuza kuti, "Bambo ako akubwera kuntchito kwakoko, ati akufuna kuona sikelo yako. Chifuwa chija chatha miyezi iwiri, kuchipatala akukana kwamtuwagalu, ndiye uwanyengerere apite, koma uzungulire, wamva?" Tsoka lake, mayiwo anatuma munthu amene chibadwire sanazungulirepo kanthu: mwana wawo wamkazi amene kunyumba anam'patsa dzina loti Ndendende chifukwa ali wamng'ono, ukamuuza kuti dikira miniti imodzi, ankaima pakhomo n'kumawerenga mpaka sikisite.

Bambowo anafika cha m'ma teni, atakwera masitepe a nsanjika ziwiri, jekete ikuwalendewera m'mapewa ngati yobwereka. Anali atagwira ntchito yokonza masikelo zaka makumi anayi, m'misika ndi m'mabutchala, ndipo anthu ankawatcha a Chidindo chifukwa akaona mwala wa sikelo ankayamba kuutembenuza, kufuna chidindo, asanapereke n'komwe moni. Kukhwapa anapanira kabokosi kawo kathabwa ka miyala yoyesera. Ndendende ataona mmene khosi lawo lawondera, mtima unamuwawa, koma pakamwa panatuluka nambala.

"Mwapuma kanayi pokwera."

"Sindinapume ine."

"Ndimakuonani pagalasi la chitsekochi."

"Ndimawerenga zidziwitso za pakhoma."

"Pakhomapo palibe cholembedwa, Bambo."

"Eya, n'chifukwa chake ndinachedwa. Ndimafunafuna."

Anawapatsa masiki. Iwo anaigwira ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa.

"Ndikudwala ine?"

"Aliyense wolowa muno amavala."

"Aliyense?"

"Ngakhale abwana."

Anavala mozondotsa. Ndendende anangoisiya choncho, poganiza kuti mwina kuzungulira kuja kumayambira pamenepo.

"Chabwino," anatero bambowo, akuika kabokosi patebulo. "Ili kuti sikeloyo? Mayi ako auza mzere wonse wa nyumba kuti mwana wa Chidindo wapanga sikelo."

"Ndi iyi."

"Iti?"

"Pamene mwatsamirapo chigongonopo. Chotsani, chonde."

Anachotsa chigongono n'kuwerama. Patebulo panali kabokosi kachitsulo kokhala ndi timapaipi tiwiri, ndipo mkati mwake munali kamwala kozungulira, koonekera ngati galasi, kukula kwake ngati batani la malaya, kokhala ndi dontho lagolide pakati. Waya unachoka pamenepo kupita ku kompyuta, pamene mzere wobiriwira unkayenda pang'onopang'ono.

"Mbale yake ili kuti?"

"Ilibe mbale."

"Muvi?"

"Ilibe."

"Miyala?"

"Mwala ndi womwewo."

"Iwe, mwala sungakhale sikelo. Mwala ndi mwala, sikelo ndi sikelo. Zaka zonse zija kusukulu anakuphunzitsa zimenezi?"

"Si mwala wamba. Ukaufinya umatulutsa magetsi. Ukaupatsa magetsi umanjenjemera. M'mabuku amati piyezo. Mu wotchi yanuyo muli kotero, ndi mu layitala ija Amayi amayatsira gasi."

Anayang'ana wotchi yawo mokayikira, ngati yawabisira nkhani zaka zonsezi.

"Ndiye kakunjenjemera panopa?"

"Ka miliyoni khumi pa sekondi."

"Sindikuona kanthu."

"Simungaone."

"Wawerenga ndani?"

"Kompyuta."

"Nanga kompyutayo anaiyesa ndani?"

Ndendende anapumira m'mwamba. Funso limeneli ankalidziwa kuyambira ali mwana. Bambo ake anali munthu woti dokotala akawauza kuti thupi latentha, ankafunsa kaye kuti choyezeracho chinayesedwa liti.

"Pamwamba pa golideyu tapakapo timbedza tating'ono," anapitiriza. "Timakola chinthu chimodzi chokha, tizidutswa totuluka m'kachilombo ka TB. Tikadutsitsa madzi a makhololo a munthu, ngati muli tizidutswato timakodwa. Kamwala kamalemerako. Kakalemera, kamanjenjemera mochedwerako, mzerewu n'kutsika."

Bambowo anaweramira kamwalako, masiki ikukwera n'kutsika.

"Ngati waya woyanikapo zovala," anatero. "Wopanda kanthu ukaukhudza umachita njenjenje msangamsanga. Ukayanikapo bulangete lonyowa, umangogwedera ngati nkhalamba."

"Ndendende!"

"Ukudziitana wekha?"

"Ayi, ndikuti mwalondola."

"Hm. Ndiye nkhani ya waya woyanikapo zovala yakutengera zaka zisanu."

Anatsegula kabokosi kawo pang'ono chabe, n'kulowetsamo zala, n'kutulutsa kamwala kamkuwa kochepa kuposa nyemba, kokulungidwa mu mpango. Kanali ka galamu imodzi, kamene ankakakonda kuposa ana ena a m'mudzi.

"Tsegula tione."

"Mukufuna kutani?"

"Sikelo yatsopano imayesedwa. Ndiika aka, ikanena galamu imodzi, ndikupatsa dzanja."

"Ayi, Bambo!"

"Wachita mantha? Ikuba eti?"

"Kaphwanyika. Galamu yanuyo muigawe ka biliyoni, gawo limodzi ndi limene kamwalaka kamamva. Kuika kanu pamenepa kuli ngati kukweza lole pa sikelo ya tomato."

"Sikelo yoopa galamu."

"Ngakhale chala chanu chikangokhudza, mafuta ake okha ndi katundu."

"Manja anga ndi oyera."

"Oyera koma ali ndi mafuta."

"Mayi ako sanandiuzepo."

Pamenepo chifuwa chinawapeza. Anatembenukira kukhoma, n'kukhosomola mpaka kugwira tebulo, ndipo mzere wobiriwira uja unalumpha ngati mbuzi yomasuka pachingwe. Ndendende anaima, manja ali lende, osadziwa ngati awasisite pamsana kapena ayang'ane kumbali. Atamaliza, bambowo anapukuta misozi n'kuloza kompyuta.

"Waona? Yanena chiyani?"

"Yanena kuti mwagwedeza tebulo."

"Basi?"

"Basi."

"Za ine sinanene kanthu?"

"Singanene. Simunaikepo kanthu."

Ndendende anaona kuti mpata ndi umenewu. Anakumbukira mawu a mayi ake, n'kuyesa kuzungulira, koma anazungulira ngati lole yodzaza mchenga pakona.

"Bambo, kunja kukuoneka bwino lero."

"Kuli mitambo."

"Inde. Tsiku labwino loyenda. Mwachitsanzo, kudutsa msewu uja wa kuchipatala."

"Kumeneko kukatani?"

"Kuli... mitengo yabwino."

"Anadula chaka chatha."

"Zoona," anavomera, chifukwa zinalidi zoona.

Bambowo anakoka mpando n'kukhala, kabokosi pamiyendo. Maso awo sankachoka pa kamwala kaja.

"Ndiye ukuti galamu yanga siigwira ntchito. Nanga mumaiyesa ndi chiyani? Kapena mumangokhulupirira, ngati mpingo?"

"Tili ndi miyala yathu. Makhololo a anthu amene tikudziwa kale kuti alibe TB, ndi a amene tikudziwa kuti ali nayo. Kakapanda kutsika pa oyambawo, n'kutsika pa achiwiriwo, ndiye kuti kakunena zoona."

"Ahaa! Tsopano ukulankhula ngati mwana wanga. Bweretsa kabotolo."

"Ka chiyani?"

"Ndikupatse mwala. Munthu wabwinobwino, zaka sikisite-eyiti, sanagonepo m'chipatala. Mwala ngati umenewu uupeza kuti? Ndilavule, uyese, tione ngati kabatani kakoka sikaba."

"Sizingatheke."

"Waulere, iwe."

"Si za mtengo. Simuli odziwika."

"Ine? Tauni yonseyi ukafunsa a Chidindo, ngakhale galu akulozera."

"Ndikuti sitikudziwa ngati mulibe."

"Ndakuuza kumene."

"Mwanena, koma palibe pepala."

"Pepala lanji?"

"La kuchipatala. Amayesa ndi makina awo ovomerezeka, n'kulemba, n'kudinda. Kathuka sikanavomerezedwe kuyeza anthu. Kakadali kuyesedwa."

"Ndiye ndikuthandize kukayesa!"

"Ndi mwala wosadziwika kulemera kwake?"

Bambowo anadziguguda pachifuwa.

"Ndimadzidziwa ndekha," anatero. "Thupi ili ndayenda nalo iwe usanabadwe."

"Amalume nawonso ankaudziwa mwala wawo."

"Zimenezo zisiye."

"Wa ma kilo awiri uja, kubutchala kwawo. Anati anausiya ndi bambo awo, sunanamizepo munthu. Inu munautembenuza, n'kunena kuti mwala wopanda chidindo ndi wogendera agalu."

"Ndinali mnyamata."

"Munali ndi zaka fifite-wanu. Sanakulankhuleni zaka ziwiri. Pa ukwati wa achemwali anakhala kumbuyo, pafupi ndi oimba."

"Ndipo mwalawo unapezeka kuti ukuperewera magalamu sate!"

"Eetu."

"Ukuti eetu chiyani?"

"Ndikungovomereza."

Anamuyang'ana nthawi yaitali pamwamba pa masiki. Kulera mwana wokumbukira chilichonse kuli ndi mavuto ake, ndipo bambowo ankaoneka kuti akuwawerenga onse.

"Chabwino," anatero mofatsa, ngati munthu wotsitsa mtengo pamsika. "Tisalembe. Tingoyesa, ine ndi iwe. Abwana ako ali kuti?"

"Ku msonkhano."

"Waona? Palibe adziwe."

"Ine ndidziwa."

"Iwe ndiwe mwana wanga."

"Kompyuta imasunga chilichonse."

"Izimitse."

"Ikazima, sitiona mzere."

"Iwe mwana, unabadwa ndi rula m'mimba kodi? Dontho limodzi! Ndinakugulira yunifolomu, ndinakunyamula paphewa kukuonetsa ndege, lero ukundimana kulavula?"

"Kakatsika, mudzati kakuba. Kakapanda kutsika, mudzapita kunyumba n'kukauza Amayi kuti sikelo ya mwana yakuyeretsani. Ndipo mwina kadzakhala katalakwitsa. Sabata yatha kanalakwitsa kawiri pa ka twente."

"Kawiri pa ka twente! Sikelo yotero ine ndinkaimanga chingwe n'kupita nayo."

"N'chifukwa chake sindikufuna kukuikanipo."

"Ndiye ntchito yake n'chiyani?"

"Kuti tsiku lina munthu asamadikire. Namwino adzangodontheza, mphindi khumi, yankho. Koma tsikulo silinafike."

"Ine ndafika."

"Mwafulumira."

Bambowo anaimirira n'kumanga batani la jekete, limene linamangika mosavuta kwambiri. Ndendende anaona kuti akupita, ndipo kuti akatsika masitepe aja nkhani yathera pomwepo. Anafunafuna m'mutu njira ina yokhotakhota, osaipeza. Ndiye anachita zimene ankadziwa.

"Amayi andituma."

"Ati chiyani?"

"Ati ndikunyengerereni mupite kuchipatala. Ati ndizungulire."

"Ndiye uku n'kuzungulira?"

"Ndinayesa. Za mitengo zija."

"Zija zinali zimenezo?" Anagwira pachipumi. "Mayo ine. Ndimaganiza kuti mankhwala a muno akukuzunguza mutu."

"Mwaonda, Bambo. Lamba wanu mwaboola mabowo awiri atsopano, ndi msomali. Usiku mumatuluka thukuta, Amayi amasintha pilo. Ndikuopa. Tsiku lonse ndimakhala pano kusaka kachilombo kameneka m'timabotolo ta anthu osawadziwa, ndiye bambo anga andikhosomolere pakhomo ine n'kumakamba za mitengo?"

Bambowo anamasula batani lija n'kukhalanso pansi. Anakhala akusisita chivundikiro cha kabokosi ndi chala chachikulu, pamene panali posalala kale ndi zaka.

"Ndifunse za ntchito," anatero.

"Funsani."

"Wati miyala yanu ili mitundu iwiri."

"Inde."

"Ya anthu amene alibe, ndi ya amene ali nayo."

"Inde."

"Wachiwiriwo, ukakhala ndi chidindo chake bwinobwino, mumaulandira?"

"Kwambiri. Ndi umene ukutisowa. Amene alibe ndi ambiri, ngakhale ophunzira amabwera okha. Koma wodziwika kuti ali nayo, wongoyamba kumene mankhwala, timachita kupempha. Pamafunika asaine fomu, makhololo akaperekere kuchipinda china chapansi. Mukudziwa munthu?"

"Ndikumudziwa."

"Abwere ndi pepala lake."

Bambowo anatsegula kabokosi, ulendo uno mpaka kumapeto. Anatulutsa miyala umodziumodzi n'kuindandalika patebulo, waukulu kutsogolo, monga ankachitira pamsika. Kenako ananyamula kansalu kofiira kapansi. M'munsi mwake munali pepala lopindidwa kanayi, ndi paketi ya mapiritsi yobooledwa kale malo angapo.

Ndendende anawerenga dzina. Anawerenga tsiku. Anawerenga mzere wapakati kawiri, iye amene sankabwereza kuwerenga chinthu.

"Lachinayi lapitali," anatero.

"Ndinauza mayi ako kuti ndikukaona sikelo ya munthu wa chigayo."

"Ndiye zonse zija... dontho limodzi lija..."

"Ndimati mwina ya mwana wanga indikomerako. Zatsopano nthawi zina zimakhala ndi ulemu."

Ndendende anakhala pansi osayang'ana ngati pali mpando. Mwamwayi unalipo. Anatembenuza pepalalo kumbuyo, n'kulibwezanso, n'kuliyang'anitsa pawindo.

"Mwina analakwitsa," anatero.

"Aa?"

"Zimachitika. Mwina anasinthanitsa timabotolo. Lachinayi kumakhala anthu ambiri. Dzina lanu lilipo lambiri. Tiyeni tiyese pa kathuka, Bambo, panopa, abwana asanabwere. Sitilemba. Mwina mzere sutsika."

"Kompyuta imasunga chilichonse."

"Ndifufuta!"

"Iwe?"

"Dontho limodzi lokha."

"Kamene kamalakwitsa kawiri pa ka twente?"

"Mwina kalakwitsa mokomera ife!"

Bambowo anaseka mpaka chifuwa chinabweranso, mzere wobiriwira n'kuvinanso. Atapuma, anatenga pepala m'manja mwake, n'kulitembenuza monga ankatembenuzira miyala, n'kuloza pakona yapansi.

"Ichi n'chiyani?"

"Chidindo."

"Chaoneka bwino?"

"Chaoneka."

"Ndiye mwala wachidindo sauyesa pa sikelo yatsopano, mayi. Iwo ndi umene umayesa sikeloyo. Zaka zisanu zija sanakuuze? Bweretsa fomu yakoyo ndisaine. Kabatani kako kakapanda kutsika pa ine, ndikamanga chingwe ndekha."

Ndendende anapukuta maso ndi mkono wa gawuni yake yoyera, chinthu choletsedwa m'chipindamo, ndipo sanasamale.

"Anthu amachira," anatero. "Miyezi isanu ndi umodzi, osadumphitsa ngakhale tsiku limodzi."

"Anandiuza. Ndikumwera kuseri kwa nyumba, pamene ndimasunga njinga."

"Amayi akuyenera kukayezetsa. Mumagona chipinda chimodzi."

"Anandiuzanso zimenezo."

"Ndiye bwanji simunawauze?"

Anayamba kubweza miyala m'kabokosi, wina uliwonse pabowo pake.

"Miyezi iwiri akundiuza kuti pitani kuchipatala, ine ndikuti ndi fumbi. Ndikawauza kuti ananena zoona, ndidzazimva mpaka kumanda. Komanso..." Anagwira ka galamu imodzi kaja n'kukakulunga mu mpango mosamala. "Komanso mwina ndawapatsira. Zimenezo pakamwa panga sizikutuluka. Lachisanu ndinayamba, ndinathera pa mtengo wa makala. Loweruka ndinafika mpaka pa 'mayi a ana', n'kupempha madzi akumwa. Dzulo tinakamba za denga."

"Denga latani?"

"Palibe chimene latani. Tsopano akufuna tilisinthe."

Anatseka kabokosi n'kuimirira, n'kumupatsa pepala lija m'manja.

"Vula chigawunicho undiperekeze. Ukawauze ndiwe."

"Ine? Bambo, mwaona nokha. Sinditha kuzungulira."

"Nanga ukuganiza masitepe onsewa ndakwerera chiyani?"